Mmene mungapezere ngodya ya x pa chithunzi cha masamu

Mayeso akamayandikira, foni yanga imadzaza ndi zithunzi za mtundu umodzi: mizere yopingasana, manambala awiri kapena atatu, ndi x atabisala pakona ina. Pansi pake pamakhala uthenga woti, "Ba Sir, nanga apa tiyambira pati?" Amatumiza ana a ku sekondale, amatumiza akuluakulu amene akubwereza masamu pa mayeso a GCE, amatumizanso makolo a kuno ku Lusaka, ku Mtendere ndi ku Kalingalinga, amene mwana wawabweretsera homuweki madzulo magetsi atathima. Kuyankha mmodzimmodzi kwanditopetsa, ndiye ndalemba pano kuti aliyense wofunsa ndizingomulozera.

Malamulo a ngodya ndi ochepa, ndipo ambiri mwa inu mumawadziwa pamtima. Chimene chimagwetsa anthu ndi kuyang'ana chithunzi n'kusadziwa lamulo loyenera pamenepo. Ndiye malamulowo ndiwadutsa msanga, koma pa sitepe 5 ndikhalitsa. Tengani pensulo, rula ndi pepala la mizere. Chitsanzo chilichonse chimene nditchule muchijambule nokha. Mukangowerenga ndi maso, mudzaganiza kuti mwamva, mawa lake n'kupezeka kuti palibe chatsala.

1. Werengani zizindikiro musanawerengere nambala iliyonse

Ngodya, imene m'kalasi amati angle, imatchulidwa ndi zilembo zitatu, ndipo chilembo chapakati ndicho nsonga yake. Ngodya ABC ili pa B, pakati pa mzere BA ndi mzere BC. Ikani chala pa A, yendani mpaka pa B, khotani kupita ku C. Pomwe mwakhotapo ndiye ngodya imene akufuna. Pa nsonga imodzi pakhoza kutuluka mizere inayi, ndiye ABC ndi ABD ndi ngodya ziwiri zosiyana ngakhale zonse zili pa B. Ana ambiri amawerengera bwinobwino koma ngodya yolakwika.

Kenako fufuzani tizizindikiro ting'onoting'ono. Kabokosi pakona kakutanthauza 90°. Timizere todula mbali za chithunzi tikutanthauza kuti mbalizo ndi zofanana kutalika: ya kamzere kamodzi ikufanana ndi inzake ya kamzere kamodzi, ya timizere tiwiri ndi inzake ya tiwiri. Mivi pa mizere ikutanthauza kuti mizereyo ndi ya parallel, ndiye kuti ikuyenda limodzi ndipo sidzakumana ngakhale muitalikitse bwanji. Timauta tofanana pa ngodya ziwiri tikusonyeza kuti ngodyazo ndi zofanana. Werenganinso mawu ali pamwamba pa chithunzi. Wolemba funso akanena kuti "ABC is a straight line" kapena "AB = AC", wakupatsani kiyi. Zolembedwa m'mawuzo zisamutsireni pa chithunzi ndi pensulo, chifukwa mukayamba kuwerengera simudzabwereranso kumwamba.

Chenjezo: musakhulupirire maso. Ngodya ikamaoneka ngati 90° koma palibe kabokosi ndipo mawu sananene, si 90°. Mizere ikamaoneka ya parallel popanda mivi, musaitenge choncho. Mukaona mawu akuti "not drawn to scale", protractor ibwerere mu seti. Funso likati "calculate" kapena "find" likufuna muwerengere. Likati "measure" kapena "construct" ndi pamene mumapima.

Poti ndatchula protractor: ili ndi mizere iwiri ya manambala, wina woyambira kumanja, wina kumanzere. Musanapime, dzifunseni ngati ngodyayo ndi yochepera 90°, imene amati acute, kapena yopitirira, imene amati obtuse. Ikakhala yothina koma inu mwawerenga 130°, mwatsata mzere wolakwika, yankho ndi 50°. Yambirani pa ziro amene wagona pa mkono wa ngodyayo.

2. Malamulo asanu oyambira

Kuzungulira kamodzi n'kubwerera pomwe munayang'ana poyamba ndi 360°. Nambala imeneyi tinaitengera kwa anthu a ku Babulo wakale, amene ankawerenga m'magulu a 60, ndipo yakhalitsa chifukwa imagawika bwino: pali manambala 24 amene amaigawa popanda chotsala. Zina zonse zikuchokera apa.

Ngodya zonse zozungulira dontho limodzi zimakwana 360°. Ngodya zoyandikana pa mzere woongoka zimakwana 180°. Mizere iwiri yoongoka ikapingasana ngati X, ngodya zoyang'anizana ndi zofanana, ndipo dzina lake ndi vertically opposite angles. Ngodya zitatu za thirayango zimakwana 180°. Ngodya zinayi za chithunzi cha mbali zinayi zimakwana 360°, chifukwa mukachidula kuchokera pakona kupita pakona yoyang'anizana nayo mupeza mathirayango awiri.

Ngati la thirayango simulikhulupirira, dulani thirayango iliyonse ya pepala, ng'ambani makona ake atatu, muwalumikize nsonga zake pamalo amodzi. Apanga mzere woongoka. Makolo, chitani zimenezi ndi mwana patebulo, saiwalanso.

Pa lamulo la mzere woongoka pali msampha. Limagwira pa ngodya zimene zili pa dontho limodzi basi. Ngodya ina ikakhala kumanzere kwa mzere, ina kutali kumanja pa nsonga ina, simungaziphatikize n'kunena kuti 180° chifukwa choti zakhala pa mzere umodzi. Pa X nawonso onetsetsani kuti mizere yonse iwiri ndi yoongoka. Umodzi ukakhota pang'ono pamphambanopo, ngodya zoyang'anizanazo sizifanananso.

Mawu awiri amene amasokoneza: complementary ndi ngodya ziwiri zokwana 90°, supplementary zokwana 180°. C amabwera S asanabwere, monga 90 amabwera 180 asanabwere.

3. Mizere ya parallel

Mukayang'ana mapu a m'tauni, Cairo Road, Chachacha Road ndi Freedom Way zimatsetsereka limodzi, misewu ing'onoing'ono ngati Katondo n'kumazidula. Woyenda pa msewu wodulawo amapeza mphambano yofanana pa msewu waukulu uliwonse. Ganizo lonse la mizere ya parallel ndi lomwelo. Pa pepala lanu detsani mizere iwiri ya m'kope, kenako jambulani mzere wopendekeka wodula yonse iwiri. Wodulawo amautcha transversal. Mwapanga ngodya zisanu ndi zitatu, koma kukula kwake ndi kwa mitundu iwiri yokha. Zothina zinayi ndi zofanana zonse, zotambasuka zinayi ndi zofanananso, ndipo yothina kuphatikiza yotambasuka ndi 180°. Imodzi ikakhala 64°, zinzake zothina ndi 64°, zotambasuka ndi 116°. Mwamaliza.

Koma wochonga amafuna mayina. Ngodya zokhala pamalo ofanana pa mphambano ziwirizo, zopanga chilembo F, ndi corresponding angles, ndipo ndi zofanana. Zokhala mkati mwa mizereyo koma mbali zosiyana za mzere wodula, zopanga Z, ndi alternate angles, nazonso ndi zofanana. Zokhala mkati, mbali imodzi, zopanga C, ndi allied kapena co-interior angles. Izi sizifanana, zimakwana 180°. Apa ndi pamene ambiri amaterereka: aphunzira F ndi Z kuti ndi zofanana, ndiye C nayenso amamuponya m'gulu lomwelo. Yang'anani chithunzi chanu, imodzi ndi yothina, inzake yotambasuka. Zingafanane bwanji?

Zilembo F, Z ndi C ndi zothandizira diso lanu. Pa pepala la mayeso lembani dzina lenileni, musalembe "Z angles". Dziwaninso kuti Z akhoza kutembenuka, kugona chammbali kapena kutambasuka mpaka osaonekanso ngati Z. Njira yomupezera ndi kudetsa ndi pensulo mizere iwiri ya mivi, kenako kufunafuna mzere umene ukukhudza yonse iwiri.

4. Thirayango ya mbali ziwiri zofanana

Iyi ndi isosceles, ndipo olemba mafunso amaikonda kwambiri. Mbali ziwiri zikafanana, ngodya ziwiri zimafanananso. Funso ndi lakuti, ziti? Ana amaloweza kuti "zapansi", chifukwa m'buku thirayango imeneyi imaima ngati denga la nyumba. Wolemba funso akaigoneka chammbali, iwo amasankhabe zapansi, n'kulakwa.

Chitani chonchi. Pezani nsonga imene mbali ziwiri za timizere zikumanapo. Ngodya ya pamenepo ndiyo ili payokha. Ziwiri zotsalazo ndizo zofanana, kaya zili kumwamba kaya kumbali. Mu thirayango ABC, ngati AB = AC, mbali ziwirizi zikumana pa A, ndiye ngodya ya pa B ndi ya pa C ndi zofanana. Ya pa A ikakhala 40°, chotsani 40 pa 180, patsala 140, gawani pawiri, iliyonse ndi 70°. Koma 40° ija ikakhala ya pa B, nkhani yasintha: ya pa C ndi 40° nayonso, ya pa A ndi 100°. Nambala yomweyo, mayankho awiri osiyana, malingana ndi pomwe yakhala. Mbali zonse zitatu zikafanana, ngodya iliyonse ndi 60°.

Onjezani lamulo limodzi lofupikitsa ulendo. Mukatalikitsa mbali imodzi ya thirayango, ngodya yakunja imene yapangika ndi yofanana ndi ngodya ziwiri zamkati zakutali mutaziphatikiza. Zamkati zakutali zikakhala 55° ndi 60°, yakunja ndi 115°. Amati exterior angle of a triangle. Mukaiwala, palibe chovuta: pezani yachitatu yamkati, 65°, muichotse pa 180.

5. Pamene x ali kutali ndi manambala

Mabuku ambiri amapereka lamulo, n'kupereka chitsanzo chogwira lamulo lomwelo lokha. Pa mayeso funso limasakaniza malamulo awiri kapena atatu, ndipo palibe amene amakuuzani loyamba ndi liti. Pali zinthu zinayi zochita, ndipo muzichite motsatana.

Choyamba, yambirani pa x n'kubwerera chambuyo. Dzifunseni kuti, x ameneyu ali mbali ya chiyani? Ali mkati mwa thirayango? Wakhala pa mzere woongoka? Ali pa mphambano ya mizere ya mivi? Kawirikawiri amakhala mbali ya zinthu ziwiri kapena zitatu nthawi imodzi. Pa chilichonse funsani kuti, ndikusowa ngodya iti kuti ndimupeze? Ngodya yosowayo ipatseni dzina, monga a, ndipo tsopano funso lanu lasanduka kupeza a.

Chachiwiri, yambirani pa manambala amene mwapatsidwa n'kupita kutsogolo. Ngodya iliyonse imene mungathe kupeza, ipezeni ndi kuilemba pa chithunzi, ngakhale ikuoneka ngati ilibe ntchito. Njira yochokera kumbuyo ndi yochokera kutsogolo zimakumana pakati.

Tiyese. Jambulani thirayango ABC, A pamwamba, B kumanzere, C kumanja, ndipo AB = AC. Ngodya BAC ndi 50°. Talikitsani BC kupitirira C mpaka pa D. Kuchokera pa C jambulani mzere CE wokwera kumanja, wa parallel ndi BA. Akufuna x, ngodya ECD. Kuchokera kumbuyo: x wakhala pa mphambano pomwe mzere BD ukudula CE. Mzere womwewo ukudulanso BA pa B. Ndiye x ndi ngodya ABC ndi corresponding, ndipo chimene tikusowa ndi ABC. Kuchokera kutsogolo: timizere tikuti thirayango ndi isosceles, nsonga yapayokha ndi A, ndiye ABC ndi theka la 130, lomwe ndi 65°. Njira zakumana, x = 65°. Kuti mutsimikize, onani ngodya zitatu za pa C: ACB ndi 65°, ACE ndi 50° chifukwa ndi alternate ndi BAC, ECD ndi 65°. Zonse pamodzi 180°, monga ziyenera kukhalira pa mzere woongoka.

Taonani kuti chizindikiro chilichonse tachigwiritsa ntchito, timizere ndi mivi yomwe. Wolemba funso sawononga inki. Mukakakamira, bwererani pa chithunzi mufufuze chizindikiro chimene simunachikhudze. Nthawi zambiri khomo lili pomwepo.

Chachitatu, chithunzi chikadzadza, patulani. Mathirayango akalowana, tengani imodzi muijambule payokha pambali, ndi zilembo zake ndi timizere take. Kapena phimbani mbali ina ndi dzanja. Thirayango imene simunkaiona chifukwa chakuti mzere wina unadutsa pakati pake imaonekera yokha.

Chachinayi, ndipo ichi ndicho anthu amachiopa: muli ndi ufulu wojambula mzere wanu. Ana ambiri amaganiza kuti chithunzi cha funso sichikhudzidwa. Chimakhudzidwa, bola mzere wanu ukhale wa madontho-madontho kuti uoneke kuti ndi wowonjezera. Mizere yothandiza ndi itatu: kutalikitsa mzere umene waima panjira, kujambula wa parallel wachitatu, ndi kulumikiza nsonga ziwiri kuti mupange thirayango.

Funso lodziwika ndi ili. Mzere AB pamwamba, A kumanzere, B kumanja. Mzere CD pansi, C kumanzere, D kumanja, wa parallel ndi AB. Dontho P lili pakati pa mizereyi, kumanja kwa A ndi C. Lumikizani AP ndi CP, zipanga nsonga yoloza kumanja. Ngodya BAP ndi 35°, ngodya DCP ndi 48°, ndipo x ndi ngodya APC. Mwana amayang'ana, amaona mivi, amafuna Z, koma palibe mzere umodzi woongoka wodula AB ndi CD. Mzerewo wathyoka pa P. Ndiye amangosiya, kapena amachotsa 35 ndi 48 pa 180 n'kulemba 97°, popeza 180 ndiyo nambala yozolowereka. Palibe thirayango pamenepo, ndiye 97° ilibe pogwira.

Jambulani mzere wa madontho wodutsa pa P, wa parallel ndi AB ndi CD, ndipo kumanzere kwake lembani Q. Mzere umenewu wadula x pawiri. Gawo lapamwamba, APQ, likupanga Z ndi BAP, ndiye ndi 35°. Gawo lapansi, CPQ, likupanga Z ndi DCP, ndiye ndi 48°. Phatikizani, x = 83°.

Njira ina ndi kutalikitsa AP mpaka ikagunde CD pa R. Tsopano AR ndi mzere wodula weniweni, ndipo ngodya PRC ndi 35°, alternate ndi BAP. Mu thirayango PCR muli 35° ndi 48°, ndipo x ndi ngodya yake yakunja, 83° yomweyo. Njira zonse ziwiri ndi zolondola, ndipo wochonga azilandira. Ine ndimakonda yoyamba chifukwa imagwira ngakhale mzere utathyoka kawiri kapena katatu: pa kuthyoka kulikonse mumangojambula wa parallel wina.

Koma musaloweze kuti "pa chithunzi chotere timaphatikiza". Sunthani P apite kumanzere kwa A ndi C, nsonga iloze kumanzere. Tinene kuti BAP ndi 130°, DCP ndi 140°. Mukaphatikiza mupeza 270°, yosayenerana ndi kangodya kamene mukukaona. Jambulani mzere wodutsa pa P monga kale, Q akhale kumanja. Tsopano zikupanga C, osati Z. APQ ndi 180 kuchotsa 130, yomwe ndi 50°. CPQ ndi 180 kuchotsa 140, yomwe ndi 40°. Ndiye x = 90°. Mzere wowonjezera ndi womwewo, koma lamulo lasintha, ndipo amene analoweza yankho loyamba lija wagwa.

Mungadziwe bwanji kuti nthawi yojambula mzere yakwana? Mukaona mivi koma palibe mzere woongoka wokhudza mizere yonse iwiri ya miviyo. Kapena mukaona timizere tosonyeza mbali zofanana koma mbalizo sizinatsekedwe kukhala thirayango. Chizindikiro chilipo, koma chithunzi chimene lamulo lake limafuna sichinamalizidwe. Chimalizeni inu.

6. Ngodya zolembedwa ndi zilembo

Nthawi zina m'malo mwa nambala mupeza 2x + 10 ndi 3x − 5. Musanalembe equation, yankhani funso limodzi: ngodya ziwirizi ndi zofanana, kapena zikukwana nambala inayake? Zikakhala pa mzere woongoka, (2x + 10) + (3x − 5) = 180. Ndiye 5x + 5 = 180, 5x = 175, x = 35. Zikakhala zoyang'anizana pa X, monga 3x − 20 ndi x + 40, mumazilinganiza: 3x − 20 = x + 40, 2x = 60, x = 30.

Kenako werenganinso funso. Ngati akufuna x, mwamaliza. Ngati akufuna kukula kwa ngodya, bwezerani x m'malo mwake: pa chitsanzo choyamba ngodyazo ndi 80° ndi 100°, pa chachiwiri zonse ndi 70°. Mamakisi ambiri amatayika pomwepa, mwana atagwira kale ntchito yovutayo.

Palinso mafunso opanda nambala n'imodzi yomwe, ndipo amaopsa pongowaona. Jambulani thirayango ABC yaitali yowonda, A pamwamba, AB = AC. Pa mbali AC ikani dontho D, lumikizani BD, ndipo AD = DB = BC. Pezani ngodya ya pa A. Itchuleni x. Patulani thirayango ABD: AD = DB, zikumana pa D, ndiye ABD ndi x nayonso. Ngodya BDC ndi yakunja kwa thirayango imeneyi, ndiye ndi 2x. Patulani BDC: DB = BC, zikumana pa B, ndiye BCD ndi 2x. Bwererani ku thirayango yaikulu: AB = AC, ndiye ABC ndi 2x monga ya pa C. Phatikizani zitatuzo: x + 2x + 2x = 180, x = 36°. Mathirayango atatu a isosceles anali mu chithunzi chimodzi, ndipo awiri anagona chammbali.

7. Zithunzi za mbali zambiri

Izi ndi ma polygon. Kuchokera pa nsonga imodzi, chithunzi cha mbali n chimagawika m'mathirayango ochepera ndi awiri pa chiwerengero cha mbali zake. Ndiye ngodya zamkati zonse pamodzi ndi (n − 2) × 180°. Cha mbali 5 ndi 540°, cha mbali 6 ndi 720°, cha mbali 8 ndi 1080°. Kugawa nambala imeneyi ndi n kuti mupeze ngodya imodzi kumaloledwa pokhapokha funso litanena kuti "regular", ndiye kuti mbali zonse ndi ngodya zonse ndi zofanana. Popanda mawu amenewo, phatikizani zimene mwapatsidwa n'kuchotsa.

Njira yachidule ili kunja. Ngodya zakunja za polygon zimakwana 360°, kaya mbali ndi zingati, chifukwa woyenda mozungulira chithunzicho akamabwerera pomwe anayambira amakhala atatembenuka kamodzi kathunthu. Yamkati ndi yakunja pa nsonga imodzi zimakwana 180°. Akakufunsani kuti regular polygon ya ngodya yamkati 156° ili ndi mbali zingati, musalimbane ndi equation yaitali. Yakunja ndi 24°, gawani 360 ndi 24, mbali ndi 15.

Amene amawotcherera mageti ndi kukhoma mipando m'mbali mwa Alick Nkhata Road amagwira masamu amenewa tsiku ndi tsiku. Felemu ya makona anayi, chitsulo chilichonse amachidula pa 45° kuti ziwiri zikakumana zipange 90°. Tebulo la mbali 6 lili ndi ngodya za 120°, ndiye thabwa lililonse limatenga 60°, kutanthauza kuti sowo imapendekeka ndi 30° kuchoka pa kudula koongoka. La mbali 8, lofanana ndi chikwangwani cha STOP, lili ndi 135°, ndipo sowo imapendekeka ndi 22.5°. Mapeva a mbali 6 amagwirana popanda mpata chifukwa atatu akakumana, 120 katatu ndi 360. A mbali 5 zofanana sangatero, popeza ngodya yawo ndi 108°, ndipo 108 sagawa 360. Mwana amene amati masamu alibe ntchito, mupite naye kumeneko Loweruka akaone.

8. Lembani chifukwa, kenako yesani yankho

Mzere uliwonse wa working ukhale ndi zinthu zitatu: dzina la ngodya, kukula kwake, ndi chifukwa. Mwachitsanzo, ABC = 65°, base angles of an isosceles triangle. Pansi pake, ECD = 65°, corresponding angles. Mayeso a Examinations Council of Zambia a masamu amalembedwa m'Chingerezi, ndiye zifukwazo zizolowereni m'Chingerezi, ngakhale poganiza muziganiza m'chinenero chathu. Kulemba chifukwa kumakutetezani inu eni ake. Mukalephera kutchula lamulo limene lakupatsani nambala, ndiye kuti mwangolota, ndipo ndi bwino kuzindikira pomwepo kusiyana ndi kumanga masitepe ena atatu pamwamba pake. Njira ikaoneka bwino, wochonga ali ndi pogwira ngakhale mutaphonya kuchotsera kumapeto. Kachizindikiro ka madigiri musakaiwale.

Kuyesa yankho kumatenga nthawi yochepa. Onani ngati likugwirizana ndi chithunzi: ngakhale chisanajambulidwe molondola, ngodya yooneka yothina kwambiri sikhala 140°. Phatikizani ngodya za thirayango iliyonse ndi za mzere woongoka uliwonse. Ngodya imodzi ya thirayango ikatuluka 180° kapena kupitirira, kapena ikatuluka ndi minus, bwererani. Ngati nthawi ilipo, pezani x kudzera njira ina, monga tinachitira ndi 83° ija.

Wina anandifunsa chifukwa chake mutuwu amautcha plane geometry. Malamulo onsewa ndi a pamalo athyathyathya ngati pepala. Euclid, amene anawasanja ku Alexandria m'dziko la Egypt cha m'ma 300 BC, anawamanga pa mfundo ya mizere ya parallel, ndipo 180° ya thirayango imadalira mfundo imeneyo. Pa chinthu chobulungira zimasintha. Pa globe ya kusukulu, tsikani kuchokera ku North Pole mpaka pa equator, yendani kota ya ulendo wozungulira dziko, kwereraninso ku North Pole. Mwapanga thirayango ya ngodya zitatu za 90°, zonse pamodzi 270°. Pa mayeso anu a ngodya izi sizibwera, pepala ndi lathyathyathya.

9. Yesani ili nokha

Jambulani sikweya ABCD, A ndi B pansi, C pamwamba pa B, D pamwamba pa A. Mkati mwake jambulani thirayango ABE ya mbali zonse zofanana, itakhala pa AB. Lumikizani E ndi D, komanso E ndi C. Pezani ngodya DEC.

Palibe nambala imene mwapatsidwa, koma mawu akuti sikweya ndi akuti mbali zonse zofanana abisa 90° ndi 60°. Ikani timizere pa mbali zonse zofanana ndi AB, muone kuti AD ndi AE zikugwirizana bwanji. Patulani thirayango ADE. Kenako funsani kuti DEC ili mbali ya chiyani pa dontho E. Mukapeza 150°, mwalondola. Mukapeza 180° kapena 120°, mwatenga ADE ngati ya mbali zonse zofanana pomwe ili ndi ziwiri zokha, ndiye bwererani pa ngodya DAE, imene ndi 90 kuchotsa 60.